Zionetsero sizifuna chilolezo, koma kalata ilembedwe

Bambo, mwati inu ndi anzanu ochita malonda pamsika mukufuna kuguba kukatula chikalata cha madandaulo kukhonsolo, poti chiphaso mumadula tsiku ndi tsiku koma zimbudzi zinatsekedwa kalekale. Wapolisi wina wakuopsezani kuti mukayenda popanda chilolezo akunjatani.

Wapolisiyo walakwitsa. Gawo 38 la Malamulo Oyendetsera Dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, osanyamula zida. Lamulo la apolisi la 2010 likungofuna kuti mudziwitse akuluakulu, osati kuwapempha. Kusiyana kumeneku si kwapang'ono. Mavoti timaponya kamodzi pa zaka zisanu, ndipo pakatipa munthu wamba amamveka kudzera m'njira ngati yomwe mwasankhayi. Khonsolo yomwe mukuidandaula ikanakhala ndi mphamvu yokulolani kapena kukukanizani, ndani akanaguba?

Tsono lembani kalata kwa bwanamkubwa, kope lina lipite kwa mkulu wa polisi ya m'dera lanu. Ifike pasanatsale maola 48 kuti tsikulo likwane, komanso isatsogole ndi masiku oposa 14. Mutchule wotsogolera, cholinga, tsiku, nthawi, poyambira, msewu womwe mudzadutse, pothera, ndi anthu angati omwe mukuyembekezera. Kope lanu alidinde chidindo ndi kulemba tsiku. Apa ndi pomwe ambiri amagwira fuwa lamoto: amakanena pakamwa, zinthu zikavuta ofesi n'kunena kuti sinamvepo kanthu.

Bwanamkubwa angathe kukuitanani kuti mukambirane za nthawi kapena msewu. Pitani. Ufuluwu uli ndi malire, koma gawo 44 la Malamulo Oyendetsera Dziko likuti malirewo akhale olembedwa m'lamulo, omveka, ndiponso oyenera m'dziko la demokalase. Kungoti "akuluakulu sakondwa" si chifukwa. Akakuletsani, apempheni alembe zifukwa zawo papepala, chifukwa pepalalo ndi lomwe mungapite nalo ku Khoti Lalikulu kuti likaunike chiletsocho.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine si chilolezo, koma anthu olowerera. Lamulo la apolisi lija limalola kuti okonza zionetsero asumiridwe katundu wa anthu akaonongeka. Sankhani anthu anu osungitsa bata, avale zowazindikiritsa, ndipo wonyamula mwala kapena chikwanje achotsedwe pamzere nthawi yomweyo. Apolisi nawonso ntchito yawo patsikulo ndi kukutetezani. Pa 20 ndi 21 July 2011 anthu pafupifupi 20 anafa pa zionetsero m'dziko muno, choncho palibe mbali yomwe iyenera kuchita nazo chibwana.

Wina akamangidwa, asalimbane ndi apolisi. Gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko likuti auzidwe chomwe wamangidwira m'chilankhulo chomwe amamva, ali ndi ufulu wokhala chete ndi woonana ndi loya, ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Nthawiyo ikathera pa tsiku lomwe makhoti satsegula, apite naye tsiku loyamba lomwe atsegule. Asasaine sitetimenti yomwe sanaiwerenge kapena kumuwerengera. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wokuuzani ndalama akupempha ziphuphu.

Ngati ndalama za loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu omwe sangakwanitse kulipira loya. Wina akamenyedwa, athamangire kuchipatala akatenge lipoti, kenako dandaulo lipite ku Independent Complaints Commission, bungwe lomva madandaulo okhudza apolisi, kapena ku Malawi Human Rights Commission, bungwe loona za ufulu wa anthu.