Domeni yokhala ndi dzina la Toyota: kodi risiti ikutetezani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wogulitsa masipeya a galimoto ku Chinamwali. Ndaifupikitsa, ndipo dzina lawo ndalisunga.

"Mwana wa achemwali anga, amene ali pa Chanco, wandikonzera webusayiti ya shopu. Pa dzina lake tinalumikiza mawu atatu, toyota, spares ndi zomba, kumapeto .com, poti makasitomala ambiri ndi a Probox, Sienta ndi Hiace. Koma ndimagulitsanso za Nissan ndi Mazda. Makaniko wina wandiopseza kuti a Toyota akhoza kundilanda dzinalo. Zingatheke bwanji poti ndinalipira ndipo risiti ndili nayo? Bizinesi ndinalembetsanso kuboma. Ngati akulifuna, bwanji osangogula kwa ine?"

Achimwene, makanikoyo sanakunamizeni. Akhoza kukulandani, ndipo safunika ngakhale kuponda mu Zomba muno.

Risiti yanuyo ndi ya lendi. Kampani yogulitsa madomeni, ndiye kuti mayina a mawebusayiti, imayang'ana chinthu chimodzi chokha: kodi dzinali alipo analitenga kale? Ngati palibe, kompyuta imalandira ndalama n'kukupatsani chaka chimodzi. Palibe munthu amene amakhala pansi kufufuza ngati mawuwo ali ndi eni ake. Zili ngati tikiti ya khonsolo mumsika waukulu uja: imakulolani kuyala katundu pabenchi, koma siikulolani kupachika chikwangwani cha sitolo ya eni pamwamba pa benchiyo. Setifiketi ya bizinesi nayo ndi ya kaundula wina. Chizindikiro cha malonda, chija amati trademark, chili ndi lamulo lakelake, Trademarks Act ya 2018, imene inalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1957. Mukachilembetsa chimakhala zaka 10, kenako mumawonjezera. Munthu akhoza kukhala ndi mapepala onse a bizinesi koma dzina limene akugulitsira lili la wina.

Tsiku limene mnyamata wanu ankagula domeniyo anadina kabokosi kovomereza malamulo, ndipo ndikhulupirira sanawerenge, monga tonsefe sitiwerenga. M'katimo muli ndondomeko yothetsera mikangano ya madomeni yotchedwa UDRP, imene ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, inakhazikitsa mu 1999, ndipo imagwira aliyense wokhala ndi .com, .net kapena .org. Mwini chizindikiro amatumiza dandaulo ku bungwe ngati WIPO ku Geneva, loona za zizindikiro za malonda pa dziko lonse, amalipira madola 1,500 ngati woweruza ali mmodzi, ndipo zonse zimayenda pa imelo. Inu mumapatsidwa masiku 20 oti muyankhe. Pakatha miyezi iwiri kapena kuposerapo pang'ono nkhani yatha.

Wodandaulayo ayenera kuonetsa zinthu zitatu: kuti domeniyo ikufanana ndi chizindikiro chake moti munthu angasokonezeke, kuti inu mulibe chifukwa chomveka chogwiritsira ntchito dzinalo, ndi kuti munalitenga komanso mukuligwiritsa ntchito ndi mtima wachinyengo. Choyambacho musatayepo nthawi. Kuwonjezera mawu akuti zomba kapena spares sikubisa Toyota, ndipo oweruza akhala akunena zimenezi kambirimbiri. Mwinanso kumaonjeza vuto, chifukwa munthu wa ku Matawale akaona dzinalo aganiza kuti a Toyota atsegula nthambi kuno.

Pachiwiripa ndi pamene pali nkhani yanu yeniyeni, chifukwa wogulitsa katundu wa kampani ina sikuti amangoluza nthawi zonse. Mu 2001 panali mlandu wa kampani ya maprinta ya Oki Data ndi wogulitsa wina amene anatenga okidataparts.com. Wogulitsayo anapambana, ndipo mfundo za chigamulocho ndi zimene oweruza ambiri amatsatira mpaka lero. Ukhale ukugulitsadi katundu wa kampaniyo. Pa webusayitiyo pakhale katundu wa kampani yokhayo basi. Unene poyera ubale wako ndi eni chizindikiro, ngati suli nthambi yawo ulembe choncho pamalo ooneka. Ndipo usakokolole madomeni onse a dzinalo kuti eni ake asowe pogwira.

Mwaona kale pamene mwapunthwa. Munthu akubwera atakopeka ndi dzina la Toyota, akupeza mafyuluta a Nissan ndi mapulagi a Mazda. Kwa inu ndi malonda wamba, shopu iliyonse ya masipeya m'tauni muno imatero. Kwa woweruza ndi nyambo: mwaitana anthu ndi dzina la uyu kuti muwagulitse za mdani wake. Ndiye tinene zoona, m'mashelefu athu si zonse zili orijino. Pali zija kasitomala amafunsa kuti "muli ndi yotchipako?" inu n'kutulutsa kabokosi kena pansi pa kauntala. Kabokosi kameneko kakangooneka pa webusayiti ya dzina la Toyota, chitetezo cha Oki Data chafooka kwambiri. Ngati mnyamatayo anakongoletsanso tsambalo ndi chizindikiro cha Toyota chozungulira chija, achichotse lero lomwe.

Funso lanu lomaliza ndi limene landiopsa kuposa onse. Kutenga domeni n'cholinga choigulitsa kwa eni chizindikiro pa mtengo woposa zimene munawononga ndi chimodzi mwa zitsanzo zachinyengo zolembedwa mu UDRP mwenimwenimo, ndipo mukangowatchulira mtengo wotero mukhoza kuoneka ngati ndicho chinali cholinga chanu. Mlandu woyamba umene WIPO inagamula, mu Januwale 2000, unali wotere: munthu wina ku California anatenga worldwrestlingfederation.com, patangopita masiku atatu n'kuuza eni ake kuti agule. Analandidwa. Mu 2004 mnyamata wasukulu wa ku Canada, Mike Rowe, anali ndi mikerowesoft.com, imene potchula imamveka ngati Microsoft. A Microsoft atamuuza kuti ampatsa madola 10, iye mokwiya anati apereke 10,000, ndipo maloya anagwira pomwepo. Anapulumuka chifukwa nkhaniyo inabuka m'manyuzipepala, mpaka anagwirizana n'kumupatsa Xbox, makina osewerera magemu, ndi tina ndi tina. Ku Chinamwali atolankhani a dziko lonse sadzabwera. Kalata ya maloya ikadzafika, musatchule mtengo, musayankhe ndi mkwiyo, pitani nayo kwa loya.

Alipo amene anakana mpaka kupambana. Uzi Nissan wa ku America anatenga nissan.com mu 1994 chifukwa linali dzina la makolo ake ndipo ankachitira bizinesi kalekale. Kampani ya galimoto ya Nissan inamusumira mu 1999, nkhani inakoka zaka pafupifupi 8, domeni inatsala m'manja mwake. Koma iye dzinalo anabadwa nalo. Inu Toyota si mfunda wanu.

UDRP siilipiritsa chindapusa, imangosamutsa domeniyo kapena kuifafaniza. Ena amati ndiye palibe choopsa. Werengerani bwino: chikwangwani munalembetsa kwa wopenta, timapepala munagawa m'magalaji, zomata za pa maminibasi a ku Liwonde, imelo imene amakutumizirani ma invoice ochokera ku Dubai, zonsezo zimafa tsiku limodzi. Komanso khomo la khoti limakhala lotseguka, ndipo kumeneko eni chizindikiro akhoza kupempha chipukuta misozi. Kuthawira ku .mw, imene kwa zaka zambiri yakhala ikuyendetsedwa ndi a Malawi SDNP, sikuchotsa vutoli. Lamulo la 2018 lija likupezani konko.

Ndikanakhala inu ndikanasintha panopa webusayiti ikadali yakhanda. Tengani dzina la shopu yanu, kaya ndi la agogo anu, muwonjezere zomba ngati mukufuna, poti dzina la mzinda ndi la tonse. Pa tsambalo lembani zoona zokhazokha: timagulitsa masipeya a Toyota, Nissan ndi Mazda, sitili nthambi ya makampani amenewa. Kutchula mtundu wa galimoto pofotokoza katundu n'kosiyana ndi kuvala dzinalo ngati lanu, ndipo Google idzawapezabe mawuwo m'kati mwa tsamba. Domeni yakaleyo muilole ithe yokha chaka chikatha. Makasitomala muwauze pa WhatsApp.

Musanagule latsopanolo, lifufuzeni. Global Brand Database ya WIPO, yofufuziramo zizindikiro zolembetsedwa, ndi yaulere ndipo imatseguka pa foni. Kenako pakhale kufufuza mu kaundula wa zizindikiro ku ofesi ya boma yolembetsa zizindikiro za malonda. Kumbukirani kuti chizindikiro chikhoza kukhala chotetezedwa m'Malawi chitalowera ku ARIPO ku Harare, bungwe la mayiko a mu Africa lolembetsa zizindikiro, kapena pa mgwirizano wa Madrid wolembetsera chizindikiro m'mayiko ambiri nthawi imodzi, umene dziko lathu linalowa mu Disembala 2018. Zizindikiro zimagawidwa m'magulu 45, motero dzina limodzi likhoza kukhala la wogulitsa mpunga wa ku Domasi uku lili la wokonza matayala popanda mkangano. Koma mayina otchuka ngati Toyota amatetezedwa mopitirira gulu lawo. Dzina lanu likapezeka loyera ndipo ndalama zikalola, lilembetseni, kuti mawa wina akadzaliika pa domeni yake wodandaula mudzakhale inu.

Pali china chimene simunafunse. Domeniyo inalembedwa m'dzina la ndani? Zaka zapitazo ine ndinapatsa mnyamata wina ndalama kuti andigulire domeni ya kabizinesi kanga, iye n'kuika imelo yake. Atapita ku Joni foni inasiya kugwira, makalata okumbutsa za lendi ankapita kwa iye, ndipo tsiku lina m'mawa ndinapeza tsamba langa lasanduka la malonda a njuga. Dandaulo la UDRP nalo limapita ku imelo imene ili mu akaunti. Mwana wa achemwali anu atakhala pakati pa mayeso, masiku 20 aja akhoza kutha inu mukugulitsa mabuleki osadziwa kanthu. Akabwera Loweruka lino mukhale naye pansi, atsegule akauntiyo inu mukuona, aikemo dzina lanu, imelo yanu ndi nambala yanu. Tsiku lothera lendi mulilembe m'buku lija mumalembamo angongole, poti limenelo mumalitsegula tsiku lililonse.