Kodi kamera ingadziwe kuya kwa bala la moto?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti anamva zoti kuli makamera ojambula bala la moto, kenako kompyuta n'kuuza dokotala ngati pakufunika opaleshoni. Akufunsa ngati n'zoona, komanso ngati maso a dokotala sakwanira.

N'zoona ndithu, ndipo maso amaperewera. Bala lapamwamba limapola lokha. Lomwe lapsereza khungu lonse limadziwika msanga: limakhala louma, loyera kapena lakuda, ndipo ukalibaya wodwala samva kuwawa. Pamenepo dokotala amasenga mnofu wakufa n'kumatapo khungu lotengedwa pena, kawirikawiri pantchafu. Mutu umaima pa mabala apakatikati. Bala losapola pofika masiku 21 limasiya chipsera chokhuthala, chokoka mfundo, choncho dokotala amafuna kudziwiratu. Koma ngakhale akatswiri amalondola pafupifupi mabala 7 pa 10 alionse. Akaphonya, wina amachekedwa pachabe, wina amadikira masabata bala likuola.

Mu 1953, dokotala Douglas Jackson wa ku Birmingham ku England anafotokoza kuti kuzungulira pakati pa bala pamakhala mnofu womwe magazi amayendamo movutikira, ndipo ungatsitsimuke kapena kufa m'masiku oyambirira. N'chifukwa chake makinawa amasaka magazi. Njira yotchedwa Laser Doppler imawalitsa pabala, kuwalako kukagunda maselo ofiira a magazi omwe akuyenda kumabwerera kutasintha. Pachithunzi, pofiira ndi pamene magazi akuyenda bwino, pabuluu pali ngozi. Bungwe la NICE, lounika njira zachipatala ku England, linavomereza njirayi mu 2011. Imathandiza pakati pa maola 48 ndi masiku 5 munthu atapsa, ndipo wodwala asagwedezeke pojambulidwa. Kwa mwana wolira, imeneyo ndi ntchito.

Zatsopano ndi monga DeepView ya kampani ya Spectral AI ku Dallas, ku America. Imajambula ndi kuwala kwa mitundu ingapo, kwina kosaoneka ndi maso, ndipo kompyuta imalozera pamene sipadzapola. Inaphunzira pa zithunzi za mabala omwe mathero ake anadziwika, mwina popima kachidutswa ka mnofu, mwina podikira masabata atatu aja.

Ine nkhawa yanga ili pa zithunzi zophunzitsirazo. Melanin, yomwe imadetsa khungu, imamwa kuwala. Pamene khungu lapamwamba lasupuka imachoka nalo limodzi, koma pamene silinasupuke imakhalapobe. Kompyuta yomwe inaona khungu loyera lokhalokha ingasokonezeke pa khungu lakuda, ndiye chipatala chisanagule chiyenera kufunsa kuti makinawo anayesedwa pa odwala otani.