Achemwali, bwezani kaye mpeniwo: si nkhuku iliyonse yozyolika yomwe ili ndi chitopa

Imelo yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa achemwali ena a ku Turffontein, kuno ku Joni. Ndaidula pang'ono, koma mfundo yake ndi iyi:

"Achimwene, mu Epulo ndinagula nkhuku zitatu zamoyo pamsewu kuti tizipha imodziimodzi. Tisanayambe n'komwe, ina inaikira dzira, ana n'kuyamba kulira kuti zisaphedwe, ndiye tikungoziweta kuseri kwa nyumba. Timazipatsa mkute wa nsima ndi mpunga wotsala. Kuyambira dzulo imodzi sikudya, yangoima njo ngati botolo, mchira uli pansi. Ikumalowa m'chisa n'kutulukamo popanda dzira. Zinzake zili bwinobwino. Aneba akuti ndi chitopa, ndiiphe msanga kapena ndiimwetse kapisozi. Nditani?"

Achemwali, mpeniwo ubwerere kaye m'kabati, ndipo kapisoziyo musamutsegule. Aneba anuwo sindikuwadzudzula. Tonsefe tinakula tikudziwa nthenda imodzi yokha ya nkhuku, chifukwa kumudzi dzuwa la Okutobala likaswa mtengo, chitopa chimasesa makola mudzi wonse, anthu n'kudya nkhuku sabata yathunthu ngati kuli ukwati. Ndiye nkhuku ikangozyolika, pakamwa pamathamangira dzina lomwelo. Koma chitopa chili ndi nkhope yake. Nkhuku imagwetsa mapiko ngati yavala jekete la bambo ake, imapuma mobanika itayasamula kukamwa, zitosi zimakhala zamadzi zobiriwira, ina khosi limapindika mpaka kumayang'ana kumwamba, ndipo m'masiku ochepa zinzake nazo zimagwa. Zomwe mwalembazi zikuloza kwina. Thadzi loima ngati botolo, mchira pansi, lomapita kuchisa n'kubwerako chimanjamanja, nthawi zambiri limakhala kuti dzira lakakamira m'njira.

Tisanafike kudzirako, chitani izi usiku uno, ndipo n'zomwezi zomwe mungachite pa nthenda ina iliyonse. Ichotseni pakati pa zinzake. Nkhuku sizidziwa chifundo, yofooka zimaijompha ndi kuilanda chakudya, komanso ngati nthendayo ndi yopatsirana mukhala mwatetezako zotsalazo. Pezani katoni yaikulu, mubowole m'mbali kuti mpweya uzilowa, pansi muyale nyuzipepala kuti muziona bwino zitosi. Ikani katoniyo m'nyumba, pakona pamdima pomwe ana sadutsadutsa.

Nkhani ya kutentha musaitenge mopepuka kuno ku Joni. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku chisanu chimayera pa kapinga ngati wina wawaza ufa. Thupi la nkhuku limatentha pafupifupi madigiri 41, choncho yodwala yomwe sikudya imatha mphamvu zake zonse polimbana ndi kuzizira. Thirani madzi otentha m'botolo la malita awiri, kulungani ndi thaulo lakale, muike mbali imodzi ya katoni kuti ikamva kutentha kwambiri izitha kusuntha. Mbaula ya makala kapena hita ya palafini m'chipinda chotseka ayi. Mbalame utsi umazipha msanga kuposa anthu, ndipo inu nomwe mungagone osadzukanso.

Madzi ndi ofunika kuposa chakudya. Mu lita imodzi ya madzi ofunda sungunulani supuni yaikulu imodzi ya shuga ndi kamchere kotsina ndi zala ziwiri. Apa ndiulule tchimo langa. Chaka choyamba kuweta nkhuku kuno, msoti wanga wina unadwala, ine n'kutenga sirinji, kuukanula kukamwa, kupopera madzi mwamphamvu ngati ndikuzima moto. Unatsamwa, unaphupha kawiri m'manja mwangamu, basi kwatha. Sindinkadziwa kuti kabowo kopumira ka nkhuku kali kuseri kwa lilime penipeni, ndiye madzi onse aja anapita m'mapapo. Inu viikani nsonga ya mlomo wake m'kapu, kapena donthezani kadontho kamodzikamodzi m'mbali mwa mlomo, iyo izimeza yokha. Ikayamba kufuna kudya, dzira lowiritsa lophwanyaphwanya kapena phala lofewa n'zokwana.

Tsopano igwireni, chifukwa maso okha amanama, nthenga zimabisa zambiri. Yambani ndi chithokomiro, kathumba kaja ka pansi pa khosi chakumanja. M'mawa isanadye kanthu kayenera kukhala kopanda kanthu. Kakakhala kolimba ngati mwala kapena kofufuma n'kumatulutsa fungo lowawasa kukamwa, vuto lili pamenepo. Papasani fupa la pachidali: likathwa ngati mpeni, nkhukuyo yakhala ikuwonda kwa masabata, mwina ndi nyongolotsi. Tsegulani nthenga za pansi pa mapiko ndi kumbuyo muone ngati muli nsabwe kapena utitiri. Kenako ikani zala mofatsa pamimba, pakati pa miyendo ndi potulukira dzira. Mukamva chinthu cholimba chobulungira, ndi dzira lija.

N'chifukwa chiyani dzira limakakamira? Nkhuku zofiirira zomwe zimagulitsidwa zamoyo m'misewu ya kuno zambiri zimachokera m'mafamu a mazira. Zimakhala zaikira pafupifupi tsiku lililonse kwa chaka chathunthu kapena kuposerapo, ndipo eni ake amazigulitsa poona kuti zayamba kutopa. Dzira limodzi limatenga maola 25 kapena 26 kuti lipangike, ndipo chikamba chake chokha chimadya magalamu awiri a kashiamu, mchere uja wolimbitsa mafupa. Kufamu zimapatsidwa chakudya chomwe muli kashiamu wokwanira. Zafika kwa inu, zakumana ndi mkute wa nsima ndi mpunga, momwe mulibe kashiamu woti n'kumutchula. Thupi limayamba kukumba m'mafupa, ndipo minofu yomwe imakankha dzira, poti nayo imadalira kashiamu yemweyo, imafooka. Onjezanipo chisanu cha Juni. Nkhuku yachikuda ya kumudzi imapirira pa madeya chifukwa imaikira mazira khumi ndi angapo n'kupumira, komanso imapalasa tsiku lonse kutola ziwala, chiswe ndi timiyala. Yanuyi ikupalasa pa simenti.

Ndiye mukalimva dziralo, thirani madzi ofunda m'beseni, ofunda ngati osambitsira khanda, muikhazikemo mpaka mimba yonse imire kwa mphindi 15 kapena 20. Poyamba imalimbalimba, kenako mudzaona ikutsinzina. Ipukuteni mpaka iumiretu, chifukwa nkhuku yonyowa m'nyengo ino mwaipha nokha. Pakani Vaseline pang'ono potulukira dzira. Gulani mapiritsi a kashiamu ku famase, muphwanye theka n'kusakaniza m'kachakudya konyowa. Ibwezeni m'katoni muja pamdima ndi botolo lake, muisiye ola lathunthu osaisuzumirasuzumira. Mutha kubwereza kusambitsako kawiri kapena katatu pa tsiku. Chimodzi chokha ndikupemphani: musafinye mimba ngati mukufinya chithupsa. Dzira likaswekera m'kati, zikamba zimacheka njira ndipo nkhuku imafa ndi mafinya m'mimba.

Tsiku lathunthu likadutsa dzira osatuluka, zapitirira msinkhu wa pakhomo. Pitani nayo kwa dokotala wa ziweto. Ngati m'thumba mwapepuka, imbirani SPCA kapena mabungwe ena osamalira ziweto mufunse ngati amaona nkhuku komanso mtengo wake. Chimodzimodzi mukapapasa n'kupeza kuti mulibe dzira koma mimba yafufuma, yofewa ngati chibaluni cha madzi. Zimenezo zimakonda kugwira mathadzi okalamba a m'mafamu, ndipo beseni silingathandize. Pamenepo kuipumitsa msanga ndi chifundo, ngakhale ana alire.

Za kapisozi uja. Tili ndi chizolowezi chotsegula kapisozi aliyense wotsala m'nyumba n'kuthira m'madzi a nkhuku, kaya anali wa chifuwa cha agogo. Mankhwala amenewo amapha mabakiteriya. Sakankha dzira, ndipo ngakhale chitopa chenichenicho sachiza chifukwa chimayamba ndi vairasi. Komanso amatsalira m'mazira omwe ana anu akudya. Dokotala akakupatsani mankhwala, funsani kuti padutse masiku angati musanayambenso kudya mazirawo. Tsabola ndi alovera m'madzi, amayi anga ankalumbirira zimenezi, ndipo sindikufuna kukangana ndi malemu. Ndingonena kuti madzi akawawa nkhuku yodwala imasiya kumwa, pomwe kumwako ndiye kukuisunga ndi moyo.

Pali pamene aneba anu angakhale kuti akulondola. Mukadzuka mawa n'kupeza ina yafa mwadzidzidzi, kapena zinzake zayamba kubanika, nkhope kutupa, lipombo kuda bii, musaseweretse. Chikhoza kukhala chitopa kapena chimfine cha mbalame. Mukukumbukira 2023, mazira atasowa m'mashopu, ena n'kumaika malire a matireyi omwe munthu angagule? Chinali chimfine cha mbalame chimenecho, cha mitundu ya H5 ndi H7, ndipo nkhuku mamiliyoni zinaphedwa, Gauteng ali m'gulu la zigawo zomwe zinakhudzidwa kwambiri. Lamulo la dziko lino la matenda a ziweto, la 1984, limafuna kuti matenda awiriwa azinenedwa kwa dokotala wa ziweto wa boma. Nkhuku yotero musadye, musagulitse, musagawire mnansi. Igwireni mutavala pulasitiki m'manja, musambe ndi sopo, ana atalikire. Kumudzi timati yofa yokha ndi ndiwo, koma apa ayi. Ndipo ngati aneba anathira mankhwala a makoswe, aja akuda ogulitsidwa m'misewu omwe kwathu timati tameki, ganiziraninso zimenezo, chifukwa nkhuku imatola chilichonse.

Ikachira, ndipo ndikukhulupirira ichira poti mwaiona msanga, sinthani kadyedwe ka zonse zitatu. Gulani chakudya cha nkhuku zoikira, chomwe m'mashopu a ziweto amachitcha layer mash kapena layer pellets. Thadzi limodzi limadya magalamu pafupifupi 120 pa tsiku, ndiye thumba la makilogalamu 10 likukwanirani milungu inayi. Nsima ikhale yongokometsera madzulo. Masamba a kabichi ndi sipinachi aponyereni, koma mapeyala ayi, mbalame amazidwalitsa. Chakudyacho muzivundikira kuti nkhunda ndi mpheta zisamadyere limodzi, poti ndi zomwe zimabweretsa matenda ndi nsabwe. Funsaninso za katemera wa chitopa, uja wodontheza m'diso kapena wothira m'madzi akumwa, yemwe amabwerezedwa pakapita miyezi itatu kapena inayi.

Zikamba za mazira omwe mwadya musatayenso. Zitsukeni, muzikazinge pang'ono m'chiwaya mpaka ziume gwa, muzisinje zisaonekenso ngati dzira kuopa kuti nkhuku zingaphunzire kujompha mazira awo, muziike m'kambale pambali. Ntchito imeneyi apatseni ana omwe analirira nkhukuzi. Mawa madzulo mundilembere ngati dzira latuluka, ndipo mundiuzenso mtundu wa zitosi zomwe mwapeza pa nyuzipepala ija.