Kodi a Namoko ankaimba pompopompo pa wailesi? Yankho kwa achimwene a ku Johannesburg

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Thyolo amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Dzina lake ndalisunga. Akuti akaweruka usiku amatsegula YouTube pa foni n'kumamvera nyimbo za a Allan Namoko ndi anzawo a nthawi imeneyo, ndipo zikumuzunguza mutu. Mawu ake ndi osasalala, pena ng'oma imathamanga kusiya banjo m'mbuyo, koma zimamufika pamtima kuposa zambiri zotuluka m'masitudiyo a lero. Ndiye wafunsa kuti: kodi anthu amenewa ankaimba pompopompo pa wailesi? Ngati ndi choncho, bwanji zoterezi sizikumvekanso? Pomaliza wawonjezera kuti kwawo amasimba zoti agogo ake aamuna anali m'gulu la tchopa limene "a wailesi" anadzalijambula kalekale, ndipo akufuna kudziwa ngati mawu awo angapezeke.

Achimwene, zikomo polemba. Khutu lanu silikukunamizani.

Nyimbo zambiri zakale zija sizinkapita pa mphepo pa nthawi yomwe oimbawo ankaimba. Zinkayamba zajambulidwa pa tepi yaikulu yozungulira ija, n'kudzaulutsidwa tsiku lina. Koma kajambulidwe kake ndi kamene kanali ka pompopompo. Gulu lonse linkalowa m'chipinda chimodzi, wojambula n'kutchera maikolofoni ochepa, nyali yofiira n'kuyaka, basi nyimbo yayamba. Wina akaphonya, panali njira ziwiri zokha: kuyambiranso nyimbo yonse, kapena kuisiya momwemo. Panalibe zoti wa banjo abwere Lachiwiri, woimba adzaike mawu Lachisanu. Panalibenso zokweza chida chimodzi pachokha nyimbo itatha kale. Kusakaniza mawu kunkachitika ndi miyendo: wa ng'oma sunthirani kukhoma, wa chisekese pitani kumbuyo kwa mnzanu, inu oimba yandikirani kuno. Chimene mukumva usiku pa foni yanu ndi anthu amene akuyang'anana m'maso, kapena kwa a Namoko amene sankaona, anthu amene akumvetserana mpweya.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndiye mundilole ndichedwepo. Nyimbo zathu za makolo ndi za mabandi a banjo sizinapangidwe kuti ziziyenda pa liwiro limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Zimayamba mwachifatse, zikakoma zimakwera, wotsogolera akaona kuti ovomera atenthedwa amabwereza ndime imene sanakonzekere kuibwereza. Ng'oma yothamanga imene mukuidandaulayo nthawi zambiri si kulakwitsa, ndi kukoma kumene kwafika. Kompyuta ikaika kugunda kwake kosasintha pansi pa nyimbo yotere, nyimboyo imaima chilili ngati mwana wa sukulu pa mzere.

Ndiye pali nkhani ya machunidwe. Banjo yopanga pamanja, ya chigubu kapena chikopa cha mbuzi ndi mawaya a mabuleki a njinga, mwini wake amaichuna motsata mawu a pakhosi pake. Bangwe, kaligo ndi ulimba wa ku Nsanje zili ndi makwerero awoawo a mawu amene sagwirizana ndi makiyi a kiyibodi. Mnyamata wa mu situdiyo amene anaphunzirira pa kiyibodi akamva zimenezi amaganiza kuti chida chaphonya, n'kuchiwongola ndi pulogalamu. Akachiwongola, chimene chinali chathu m'nyimbomo chimachoka. A Chitenje Tambala ndi bangwe wawo akanadutsa m'makina otero, bwenzi lero tikumva munthu wina.

Mwambo woika oimba a kumudzi pa wailesi unayamba MBC isanabadwe. Pa nthawi ya atsamunda, wailesi ya Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka inkaulutsa mawu kwa anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo Chinyanja chinali chimodzi mwa zilankhulo zake. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa ka batire kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, kamene kanafikitsa wailesi m'nyumba za anthu wamba. A Alick Nkhata, woimba gitala komanso muulutsi pa wailesiyo, anatchuka m'maiko atatu onsewa chifukwa choimba ndi kujambula nyimbo za anthu wamba. MBC itakhazikitsidwa mu 1964 inapeza njira itapondedwa kale.

Kumbukirani kuti kwa zaka pafupifupi 30 dziko lonse linali ndi wailesi imodzi. Radio 2 inabwera mu 1997, kanema wa dziko lino mu 1999. Kwa woimba wa ku Thyolo, Chileka kapena Chiradzulu, khomo lalikulu lojambulira nyimbo linali ku situdiyo ya MBC ku Chichiri mu Blantyre. Ndi kudzera pa wailesiyi m'mene dziko linadziwira a Namoko ndi Chimvu River Jazz Band, a Daniel ndi a Donald Kachamba a ku Chileka, a Michael Yekha, a Stonard Lungu, a Giddes Chalamanda. Ndipo wailesi sinkangodikira kuti anthu abwere. Ojambula ankanyamula makina kupita m'maboma, n'kubwera ndi chimtali, mganda, malipenga, beni, vimbuza, ingoma. Pulogalamu ya Nyimbo za M'maboma inkachititsa kuti mwana wa ku Nsanje amve ng'oma za ku Karonga asanakwereko basi yopita kumpoto. Kwathu bambo anga ankayanika mabatire a wailesi yawo ya Nzeru padzuwa masana kuti madzulo akhale ndi kamphamvu, ndipo ikafika nthawi ya nyimbo zimenezi mayi ankasiya kusinja kuti mtondo usasokoneze. Magule ambiri amene ndimawadziwa ndinayamba kuwamva pa khonde limenelo, ndisanawaone ndi maso.

Koma sindikufuna kuti muchoke pano mukuganiza kuti kale zonse zinali bwino. Khomo limodzi limakhala ndi mlonda mmodzi. Mu 1968 boma linakhazikitsa lamulo lounika zosangalatsa, ndipo nyimbo imene akuluakulu ankaiona ngati ikunyoza kapena ikulaula sinkapita pa mphepo. Magule ambiri a amayi anasandutsidwa nyimbo zotamanda Kamuzu ndi chipani, moti mawu enieni a pamtondo ndi a kuchinamwali ankasiyidwa kunja, nyimbo n'kuvekedwa mawu atsopano. Chaka chomwecho Chitumbuka chinachotsedwa pa mapulogalamu a wailesi, mpaka chinadzabwerera mu 1994. Oimba anaphunzira kubisa nkhani m'mafanizo, n'chifukwa chake nyimbo zambiri za nthawi imeneyo zimakamba za ana amasiye, za mfiti, za m'bale wanjiru, koma womvera wanzeru ankamva zina.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ndalama. Lamulo loteteza umwini wa ntchito zaluso limene linabereka COSOMA linabwera mu 1989, ndipo bungwelo linayamba ntchito mu 1992. Izi zisanachitike panalibe bungwe la m'dziko muno lotolera ndalama za woimba nyimbo yake ikaulutsidwa. Munthu ankamveka m'nyumba iliyonse kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, koma iye akubwerera kumudzi wapansi banjo ili kumsana. A Daniel Kachamba anamwalira mu 1987. A Namoko anamwalira mu 1995 ali osauka, ngakhale nyimbo zawo zinali zitafika kale ku Britain kudzera ku Pamtondo, kampani yotulutsa nyimbo ya Dr John Lwanda. Tikamasilira nthawi imeneyo tizikumbukira kuti ena analipira ndi umphawi wawo kuti ife tisangalale.

Funso lanu lachiwiri yankho lake ndi lalifupi. Kaseti inabwera, masitudiyo a anthu wamba anatseguka, monga ya a Paul Banda ku Balaka, kenako kompyuta inalowa m'chipinda chogona cha mnyamata aliyense waluso. Ulamuliro wa zipani zambiri utafika mu 1994, mawailesi anachuluka. Woimba sankafunikanso kupita ku Chichiri, ndipo wailesi sinkafunikanso kufunafuna woimba, chifukwa nyimbo zinayamba kubwera zokha, zophikaphika, pa CD ndi pa fulashi. Kuitana gulu la anthu asanu ndi mmodzi kumafuna thiransipoti, chakudya, malipiro, katswiri wa mawu ndi theka la tsiku. Kudina batani sikufuna chilichonse. Ufulu umenewu unapindulitsa oimba a kiyibodi ndi a m'tauni. Amene anatsala panja ndi gogo wa bangwe amene sangapeze ndalama yolipira situdiyo, komanso gulu la tchopa la anthu 30 limene silingakwane m'kachipinda ka kompyuta.

Kunja kuli mawailesi a anthu onse amene sanataye mwambowu. Ku Charleston, m'chigawo cha West Virginia ku America, pulogalamu ya Mountain Stage yakhala ikuyenda kuyambira 1983: oimba amaimba pamaso pa anthu, amajambulidwa momwemo, ndipo NPR, bungwe la mawailesi a anthu onse ku America, imaifalitsa ku mawailesi a dziko lonselo. NPR yomweyo inayamba Tiny Desk mu 2008, kumene woimba amangoima kuseri kwa desiki ya mu ofesi n'kuimba. Taonani kuti njira yake ndi ija ya ku Chichiri: chipinda chimodzi, ulendo umodzi. Ndipo njala ya nyimbo zotere ilipo. A Yobu Maligwa ndi a Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anaimba m'misewu ya Lilongwe kwa zaka zambiri ndi babatoni, gitala ndi ng'oma ya chidendene, anthu akuwadutsa. Atakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, makomo a ku Ulaya anatseguka. A Giddes Chalamanda anabwereranso pakamwa pa achinyamata mu 2020 chifukwa cha kanema amene anakhala pansi n'kuimba ndi Patience Namadingo.

Maganizo anga ndi akuti ntchito imeneyi ndi ya wailesi ya boma, chifukwa ndi yokhayo imene imayendera msonkho wa gogo wa bangwe uja, ndipo siyenera kudikira kuti kampani ya sopo ivomereze kaye. Ola limodzi pa sabata lingakwane. Gulu limodzi, boma limodzi, kuimba pamaso pa anthu pabwalo la mfumu kapena mu holo ya sukulu. Koma ulendo uno zichitike mwachilungamo: oimba alipidwe tsiku lomwelo, asaine pepala lomveka m'chilankhulo chawo, dzina la aliyense litchulidwe pa mphepo mpaka woomba ng'oma yaing'ono, ndipo gululo lipatsidwe kope ya zimene laimba. Muulutsi afunse mwini chida kuti anachipanga ndi mtengo wa mtundu wanji, anaphunzira kwa yani. Tchopa analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2014, vimbuza ndi gule wamkulu mu 2008. Satifiketi zimenezo n'zabwino, koma gule amakhala moyo akamavinidwa ndi kumvedwa.

Tsopano za agogo anu. Matepi akale amaonongeka ndi kutentha ndi chinyontho, ena amamatirira, ena amafufutika. Nkhani yabwino ndi yakuti MBC, ndi thandizo lochokera ku Norway, inagwira ntchito yosamutsira nyimbo za m'matepi ake akale mu kompyuta. Choncho kufunsa sikungakhale kutaya nthawi, koma musapite ndi dzina la agogo lokha. Nyimbo za magule zimadziwika kwambiri ndi dzina la gulu, mudzi ndi boma, osati dzina la wovina aliyense. Imbirani foni akuluakulu a kwanu, makamaka azakhali, muwafunse dzina la gululo, mudzi ndi mfumu yaikulu, dzina la amene ankatsogolera nyimbo, ndi mawu oyamba a nyimbo ziwiri kapena zitatu. Chaka sangachikumbuke mwa nambala, koma mukawafunsa kuti kodi zinachitika likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, kapena ndalama ya kwacha isanabwere mu 1971, adzakuuzani.

Kumbukiraninso kuti kumudzi aliyense wobwera ndi makina ojambulira ankatchedwa "wa wailesi". Hugh Tracey anayenda m'Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo m'midzi, ndipo zimene anajambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University mumzinda wa Makhanda, m'dziko lomwelo mukukhalamo. Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, amene anakumana ndi a Daniel ndi a Donald Kachamba mu 1967, nayenso anajambula zambiri kuno. Ngati azakhali anena kuti wojambulayo anali mzungu wobwera pa galimoto, ndipo zinachitika dziko lisanalandire ufulu, lemberani kaye ku Makhanda. Ngati anali Amalawi anzathu onyamula makina a tepi pa phewa, yambirani ku Chichiri.

Ndipo mukapita kumudzi pa Khirisimasi, ngati alipo wina wa m'gulu lija amene adakali moyo, mugulireni shuga, mukhale naye pansi pa mtengo, muike foni pa mpando patali ngati mapazi atatu kuchokera pakamwa pake, ng'oma zikhale kumbuyo. Asanayambe kuimba, atchule dzina lake, mudzi wake ndi tsikulo. Akaphonya musamuimitse.