Zidole zikuluzikulu zotchipa: kodi n'kutaya ndalama?

Bambo wina wanditumizira imelo. Wayamba kusonkhanitsa zidole za asilikali ndi maloboti a m'mafilimu a zam'mlengalenga, zazikulu zija za mainchi 12, koma thumba lake limangokwanitsa zotchipa. Ataika chithunzi cha chidole chake choyamba pagulu lina la pa intaneti, anthu anamuseka kuti wagula botolo la shampu lokhala ndi miyendo. Ndiye akufunsa ngati zidole zimenezi zili ndi phindu, kapena angozisiya.

Achimwene, imelo yanu yandikhudza kwambiri, chifukwa chipongwe chimenechi ndinachilawapo. Chidole changa choyamba chachikulu chinali msilikali wa zovala zoyera zankhondo, wopanda kanthu m'kati, wopindika malo asanu okha: pakhosi, m'mapewa ndi m'chiuno. Ndinachikonda zedi. Tsiku lina kunabwera mnzanga amene anayamba kale kusonkhanitsa, anachinyamula, nachigwedeza pafupi ndi khutu, n'kunena kuti ndagula mpweya. Mawu amenewo anandipweteka mpaka ndinayamba kusunga ndalama kuti ndigule chodula, chamtundu wa 1/6 (kutanthauza kuti msinkhu wake ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a msinkhu wa munthu), chovala nsalu zenizeni, manja osinthasintha, nkhope ngati ya munthu wamoyo. Chinali chokongola, sindingakane. Koma ndinkaopa kuchigwira. Ndinkachisuntha ndi mtima uli m'mwamba, kuopa kuti dzanja lithyoka. Patapita zaka zochepa, jekete yake ya chikopa chongopanga inayamba kusupuka yokha ili pashelefu, popanda woikhudza, ndipo tizidutswa takuda tinkangoyoyoka. Msilikali wa "mpweya" uja ana a mchemwali wanga anamusewera, anamugwetsa, anamusambitsa m'beseni, koma mpaka lero akuima chilili. Changosintha ndi mtundu, wayamba kuoneka wachikasu pang'ono, monga imachitira pulasitiki yoyera ya ABS ikamaombedwa ndi dzuwa.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti onyozawa sadziwa mbiri ya zinthu zimene amazitamazo. Dzina loti action figure linabwera ndi kampani ya zidole ya Hasbro mu 1964, potulutsa G.I. Joe, chidole cha pafupifupi mainchi 12 chopangira ana kuti aziseweretsa panja, osati kuchitsekera m'kabati yagalasi. Mafuta atakwera mtengo mu 1973, pulasitiki nayo inadula, ndipo zidole zinayamba kuchepa msinkhu. Mu 1978 kampani ya Kenner inatulutsa zidole za Star Wars za mainchi 3.75, zazing'ono zokwana m'ndege zawo. Inapanganso zazikulu, koma inazisiya mu 1980. Kuyambira kale, kukula kwa chidole n'kulimbana ndi mtengo wa pulasitiki, ndipo aliyense wofuna chachikulu pamtengo wotsika amayenera kulolera kuti m'kati mukhale mphako.

Tsono imvani izi. Ku Japan, kampani ya Popy inayamba kupanga maloboti a Jumbo Machinder mu 1973, otalika pafupifupi masentimita 60, ndipo kampani ya Mattel inadzawagulitsa ku America pansi pa dzina la Shogun Warriors. Anapangidwa ndi polyethylene, pulasitiki yomweyo ya mabotolo a shampu, amphako m'kati, opindika malo owerengeka. Lero osonkhanitsa amawafunafuna usiku ndi usana. Nanga amene akusekani aja akanawapeza pashelefu panu akanati chiyani? Ine ndafika poganiza kuti ambiri mwa iwo sakonda zidole ayi, amakonda kuti anthu adziwe ndalama zimene anawononga. Poyamba ndinkati mwina n'kusiyana chabe kwa zokonda. Panopa ndikuti ndi nkhanza, ndipo imathamangitsa anthu atsopano amene akanalimbitsa gulu lathu.

Pali china chimene chodula sichingakupatseni. Chidole cha mainchi 18 kapena 31, ngati zija za kampani ya Jakks Pacific, chikaima pakona ya chipinda chimaoneka munthu akangolowa pakhomo. Mwana amachiyang'ana maso ali tong'o. Zinthu za m'nkhani za zam'mlengalenga zimafunika kuopsa ndi kudabwitsa, ndipo msinkhu umachita ntchito imeneyo kuposa timizere ta penti timene umationa pokhapokha utayandikira.

Pamene zotchipa zimagonja

Pankhope ya munthu. Apa sindingaziikire kumbuyo. Penti ndi imene imadya ndalama ku fakitale, chifukwa mtundu uliwonse ndi ntchito yakeyake, choncho opanga amachepetsa. Zotsatira zake ndi maso olowera kumbali, nsidze zosafika pamalo pake, ndi msana wosapakidwa n'komwe. Pachidole chaching'ono zolakwikazi zimabisala, pachachikulu zimaonekera patali. N'chifukwa chake maloboti, zilombo za ku mapulaneti ena ndi asilikali ovala zisoti zophimba nkhope zimatuluka bwino ngakhale pamtengo wotsika, pamene ngwazi za nkhope yapoyera zimakhumudwitsa. Zambiri zilibenso mawondo ndi zigongono zopindika, monga zidole zambiri za Hasbro zotchedwa Titan Hero Series, ndiye musayembekeze kuzikhazika pansi kapena kuzigwiritsa mfuti ndi manja awiri.

Zimene ndimadana nazo zenizeni ndi zachinyengo, zokopera zidole zodula popanda chilolezo. Pachithunzi zimaoneka ngati zapamwamba, zikafika n'zonunkha mankhwala, mfundo zake zolobodoka, pulasitiki yake yomata m'manja. Palibe amene anaziyeza ngati penti yake ili yotetezeka, choncho mwana asazigwire. Chotchipa chovomerezeka chimakuuzani poyera kuti ndi choseweretsa. Chachinyengo chimakunamizani.

Ndiye achimwene, pitirizani kugula. Sankhani za zisoti ndi maloboti, yang'anani penti ya chidole chenichenicho osati chithunzi cha pabokosi, ndipo onani ngati mapazi ake ali otakata mokwanira kuti chiime chokha. Chisungeni kutali ndi zenera. Musagule poganiza kuti mudzagulitsa mokwera, chifukwa zimapangidwa zochuluka kwambiri. Ngati penti ikukuchepera, burashi yaing'ono ndi penti ya acrylic yakuda yosungunula ndi madzi, yopaka m'timing'alu ndi kupukuta pamwamba, imatulutsa timizere tonse timene chikombole chinaumba koma fakitale inatisiya osapaka.