Yankho kwa amalume: chifukwa chake timapopa mpweya tsiku lonse

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaliona funso lanu pagulupa, lakuti n'chifukwa chiyani timatha tsiku lathunthu tikungopopa mpweya kuuchotsa m'makina ntchito yeniyeni isanayambe. Ndingolankhula, kulemba kuchedwetsa.

Zimayenda chonchi. Timatenga kachidutswa ka silikoni n'kukutirapo zitsulo ziwiri, titanium pansi, platinum pamwamba. Kupyapyala kwake ndiye musanene, chilichonse ma nanomita 30 kapena 50 basi, pomwe tsitsi limodzi lokha limafika cha m'ma 70,000. Kenako timaziwombera ma ion, kutanthauza maatomu okhala ndi mphamvu ya magetsi, a mpweya wa xenon kapena argon, amphamvu ngati 300 keV (keV ndi muyeso wa mphamvu ya ion). Ion ikalowa imagunda atomu, atomuyo n'kukagunda anzake, monga mipira ya pool munthu akangoswa koyamba. Pamalopo pamatentha mpaka kusungunuka kwa kamphindi kosaoneka n'komwe, ndiye zitsulo zija zimalowana pamalire pake.

Tsono vuto lili apa, amalume. Titanium imakonda okosijeni koopsa. Mukasiya timpweya kapena chinyezi pang'ono m'makina nthawi yokutira ija, pamwamba pa titanium pamapangika kadzimbiri kopyapyala platinum isanafike. Ndipo sizichedwa ayi. Ngakhale mutachotsa mpweya mpaka kutsale gawo limodzi mwa biliyoni, pakangotha sekondi imodzi kapena ziwiri pamwamba ponse pakhoza kukhala patakutidwa kale. Nthunzi ya mafuta a pampu nayonso imasiya kaboni.

Platinum ndi titanium mwachibadwa zimagwirizana, zikakumana zimasakanikirana msanga. Koma titanium ikagwirana ndi okosijeni, imagwirana zolimba, safuna kusiyana. Ma ion amagundabe, inde, koma maatomu sayenda patali, ndipo okosijeni wina amakankhidwira mkati n'kukasokoneza kumeneko. Mukadzayeza, powombera ma ion a mpweya wa helium a 2 MeV (ndiwo 2,000 keV) n'kuona momwe akubwererera, mupeza kuti zasakanikirana pang'ono chabe. Munthu n'kulemba kuti zitsulozi sizisakanikirana bwino, chonsecho wayeza dzimbiri. Ichi ndiye chimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa diso silingaone, kachidutswako kamanyezimira bwinobwino.

N'chifukwa chake timapopa mpaka usiku, ndipo zitsulo zonse ziwiri timakutira ulendo umodzi, osatsegula chitseko pakati. Kuthamangira n'kuononga ntchito ya mwezi.

Mukafuna ndikutumizirani chithunzi cha makinawo mawa. Muwapatse moni azakhali ndi ana onse.