Musanagulitse Axio ija, achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati ndi nzeru kugulitsa Axio yanu n'kuwonjezerapo ngongole kuti mugule Fortuner kapena Prado, poti kuntchito anzanu ambiri asamukira ku galimoto zazitalizi ndipo inu mumapita kumudzi ku Ntchisi kangapo pachaka. Ena akuyankhani kale kuti gulani basi, misewu yathu ndi yoipa. Misewu ndi yoipadi, zimenezo sinditsutsa. Koma kwa munthu amene galimoto yake imakhalira kuzungulira mu Lilongwe, ine ndikuti dikirani kaye, chifukwa chimene ambiri a ife timasowa pamsewu ndi galimoto yokwera m'mwamba pang'ono ndi matayala abwino, osati 4x4 yeniyeni, yokoka ndi matayala onse anayi.

Kuti galimotozi zachuluka, zifukwa zake zilipo ndipo si zachibwana. Namondwe Freddy atagwa mu Marichi 2023, anthu aku Mulanje, Phalombe ndi Chikwawa anaona okha galimoto zing'onozing'ono zitaima masiku ambiri pomwe mapikapu ankadutsa m'njira zolambalala. Ngakhale mu tawuni momwemu, mvula ikangogwa kawiri, kanjira kochoka pa tala kukafika pageti panu kamasanduka ngalande. Palinso za mumtima. Tinakula tikuona Land Cruiser yoyera ya boma kapena ya mabungwe ikulowa m'mudzi, ana akuithamangira, ndipo zinatilowa kuti munthu wolemekezeka amatsika m'galimoto yaitali. Komanso si ife tokha. Ku South Africa, Hilux ndi Ford Ranger zimakhala pamwamba pa galimoto zogulidwa kwambiri chaka ndi chaka. Ku America a Ford anabwezeretsa Bronco mu 2021 itasowa kwa zaka zoposa 20, ndipo Suzuki Jimny yatsopano itatuluka mu 2018 anthu m'maiko ambiri ankadikira miyezi kuti aipeze. Opanga galimoto anaona kuti anthu akufuna maonekedwe a kutchire, ndiye anayamba kuvalika maonekedwewo pa galimoto zimene mkati mwake ndi za pa tala.

Apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Hilux, Fortuner, Prado, Ranger, D-Max ndi Jimny zimakhala pa chasisi chachitsulo chapadera, thupi n'kuikidwa pamwamba, ndipo za 4x4 zili ndi giya ya mphamvu ija yolembedwa 4L, yokwerera phiri ndi kutulukira m'matope pang'onopang'ono. Fortuner kwenikweni ndi Hilux yovala thupi lina, ndipo zambiri zimene timaona kuno zimapangidwa ku Durban. RAV4, X-Trail, CR-V ndi CX-5 ndi mtundu wina: thupi ndi chasisi ndi chinthu chimodzi ngati Axio yanuyo, ndipo 4L zilibe. Zambiri zochokera ku Japan zimakoka ndi matayala akutsogolo okha, ngakhale zikuoneka zaukali. Ma Fortuner ndi ma Hilux ambirinso ndi a 4x2, amakoka ndi akumbuyo okha. Munthu amalipira ndalama za 4x4 poganiza kuti wagula 4x4, osayang'ana n'komwe ngati kogwirira kapena batani la 4L lilipo.

Tsono matope sasamala dzina la galimoto. Ndinaona Fortuner yatsopano ndithu itatitimira m'dothi la makande pamalo otsetsereka pang'ono chabe. Matayala ake anali a pa tala, mizere yake yadzaza matope mpaka kusalala, akungozungulira pamodzimodzi n'kumakumba dzenje. Dalaivala ankangoponda mafuta, galimoto n'kumamira mpaka mimba kukhudza pansi. Probox yodzaza matumba inabwera, dalaivala wake anatsika, anayenda wapansi kuona pomwe pali polimba, anabwerera, n'kudutsa m'mphepete ndi giya yachiwiri osaima. Fortuner ija inatuluka anyamata a m'mudzi atabwera ndi makasu ndi nthambi. Galimoto yolemera matani awiri ikatitimira, amuna anayi sangaikankhe monga amakankhira Axio.

Tibwere ku thumba, chifukwa nkhani yeniyeni ili pamenepo. Mtengo wogulira ndi chiyambi chabe. Axio ya injini ya malita 1.5 imayenda makilomita 14 kapena kuposa pa lita imodzi. Prado ya petulo ya 2.7 mu tawuni, pamzere wa m'mawa, ikakupatsani 8 muthokoze. Thanki ya Axio ndi malita 42, ya Fortuner ndi 80, ndiye ganizirani masiku aja mafuta akasowa, mwagona pamzere, n'kukuuzani kuti aliyense athira ochepa. Oilo wa injini ya dizilo ya 3.0 ndi pafupifupi malita 7 pomwe Axio sikwana 4. Tayala limodzi la saizi ya Fortuner (265/65 R17) limagula matayala awiri a Axio, mwinanso kuposa. Msonkho wa MRA polowetsa galimoto umatengera kukula kwa injini ndi zaka zake, ndipo inshuwalansi imatsatira mtengo wa galimoto. Zonsezi muziwerenge mukukumbukira kuti masipeya amachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mashoko ndi mabushi sanadikire kuti malipiro anu akwere.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa ma dizilo amakonowa ndi mafuta a m'zigubu. Injini zakale ngati 5L kapena 1HZ ya Land Cruiser 79 zimapirira dizilo wosayera kwenikweni. Koma zamakono za Toyota, zotchedwa D-4D ndi GD-6, zimapopa mafuta ndi mphamvu yaikulu kwambiri kudzera m'timabowo tating'onoting'ono, ndipo madzi pang'ono kapena parafini wosakanizidwa amawononga mainjekita ndi pampu. Bilu yake imatha kufanana ndi mtengo wa kagalimoto kakang'ono kakale. Anthu ambiri amene Prado zawo zaima pa mabuloko kuseri kwa nyumba sanachite ngozi ayi. Anangogula galimoto imene ndalama yogulira anaipeza koma yoisamalira analibe.

Pali china chimene m'gulu muno sitichitchula kawirikawiri. Misewu yathu timagawana ndi oyenda pansi, ana a sukulu ndi a kabaza. Galimoto yaifupi ikagunda munthu imamugunda m'miyendo. Yaitali imamugunda pachifuwa kapena pamutu, ndipo mwana woima kutsogolo kwa boneti mwina simumuona n'komwe. Bungwe la IIHS, lofufuza za ngozi za pamsewu ku America, linapeza mu 2023 kuti galimoto za boneti lalitali kuposa mainchesi 40 (pafupifupi mita imodzi) zimapha oyenda pansi kwambiri kuposa zazifupi, ndi pafupifupi 45 peresenti. Tikawonjezapo chitsulo chija timamanga kutsogolo, zimaipiraipira. Kwa inu muli mkatimonso, galimoto yaitali imagubuduka msanga mukakhota mwadzidzidzi pothawa dzenje kapena mbuzi, ndipo imafuna mtunda wautali kuti iime. Amene wachoka pa Axio ayenera kuphunziranso kuyendetsa.

Sindikunena kuti palibe oyenera kugula. Amene ali ndi munda kutali ndi tala, wonyamula feteleza mu Disembala ndi fodya mu Epulo, Hilux ndi khasu lake. Amene amakwera ku Nyika kuchokera ku Rumphi, kapena msewu wa Golodi wochoka ku Chitimba kupita ku Livingstonia nthawi ya mvula, 4L amaidziwa ntchito yake. Anthu otere galimoto imawabwezera ndalama. Ndipo n'zoona kuti Hilux ndi Land Cruiser sizigwa mtengo msanga, mukafuna kugulitsa ogula sasowa, amakaniko ozidziwa ali paliponse.

Mukalimbikira kugula, pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Agone pansi aone chasisi ngati sichinadyeke ndi dzimbiri, makamaka pa galimoto zochokera ku Britain kapena kumpoto kwa Japan kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu. Pitani nayo pafumbi mulowetse 4H (yokoka ndi matayala onse anayi pa liwiro la nthawi zonse) ndi 4L, mumve ngati zikulowa ndi kutuluka bwino. Ngati ndi injini ya 1KD, dizilo ya 3.0 ija, funsani ngati lamba wa taimingi anasinthidwa, poti nthawi yake ndi pa makilomita 150,000. Ndipo mukagula Hilux, Jimny kapena Fortuner ya GD-6, musamayende ndi 4H pa tala youma. Matayala akutsogolo ndi akumbuyo amakhala atamangidwa pamodzi, pokhota amalimbana, ndipo magiya a pakati amawonongeka. Prado ndi ina, imakoka ndi onse anayi nthawi zonse.

Kwa inu, achimwene, kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Mponela muli pa M1, ndiye vuto lanu ndi kachigawo komalizira kokha. Ngati Axio ikumagunda mimba pamenepo, RAV4, Forester kapena X-Trail ya 4WD, yokoka ndi onse anayi, yokhala ndi matayala a all-terrain oyenda pa tala ndi pafumbi pomwe, ingakukwanireni popanda kukusiyani m'ngongole yaikulu, bola pa X-Trail muonetsetse kuti giyabokosi yake ya otomatiki, yotchedwa CVT, ili bwino. Ngati vuto limabwera mu Januwale ndi Febuluwale mokha, kubwereka pikapu pa maulendo amenewo n'kotchipa kuposa kudyetsa Prado chaka chonse. Tiuzeni kuti kumudzi kwanu mumasiya tala pati, pali mtsinje wowoloka kapena ayi, ndipo mumanyamula katundu wanji popita ndi pobwera. Pamenepo ndikhoza kukuuzani galimoto yeniyeni yoti muyang'ane.